Dzina la Malume Lafika ku Khoti

Nangongwe,
Kafue.
Okutobala.

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli moyo. Mawondo aja ali bwanji? Ireen, mayi wa zitenje amene wakupatsirani kalatayi, anandiuza kuti ulendo wathawu anakupezani mukusosa kumunda, ndodo ili chogona pamzere. Ndinamufunsa ngati mankhwala ndinatumiza aja mukumwa. Anayankha kuti anaona botolo lake lili pawindo, koma za kumwa sanganene.

Kuno tadzuka. Bambo a Olivia akupitabe kuntchito, ndipo adokotala awaletsa mchere, chinthu chimene iwo akuchitenga ngati chilango. Olivia wayamba mayeso. Kutentha kwafika poipa, magetsi akubwera pamene afunira, ndipo nsomba za ku Chanyanya zakwera mtengo moti tikumangozipatsa moni pamsika. Kusukulu ndikuphunzitsabe mbiri yakale kwa ana amene amakhulupirira kuti dziko linayamba chaka chimene iwo anabadwa.

Ndasankha kulemba chifukwa nkhani ya mlongo wanga Shadreck tayiyambapo kangapo pafoni ndipo sitinayimalizepo. Mwina netiweki imadula, mwina inu mumayamba kulira, mwina ine ndimayamba kuyankhula ngati ndili m'kalasi. Muwerenge mofatsa. Mukatopa muike pansi, mudzapitirize mawa. Ndilemba zinthu m'mene zinayendera, ndipo pamene sindikudziwa ndinena kuti sindikudziwa.

Malume a Humphrey, alongo anu, anali ndi chiphaso cha boma chokumba miyala ya laimu pa kaphiri kaja ka ku Shimabala. Sunali mgodi woti munthu n'kudzitama nawo. Anali amuna ochepa ndi nyundo zawo, ndi lole imene inkabwera ikapeza dizilo. Komabe miyala yomweyo ndi imene inatilera ine ndi Shadreck kuyambira pamene malume anatitenga kumudzi kwa Kamwendo tili ana.

Pali chinthu chimodzi chimene kumudzi sichimveka bwino, ndipo mlandu wonse wagona pamenepo. Kuno mwala umene uli pansi pa nthaka ndi wa boma. Malume analibe phiri. Anali ndi chilolezo chokumba, cholembedwa m'dzina lawo. Chilolezo chotere sachipereka kwa munthu wina ngati mbuzi. Boma liyenera kuvomera, ndipo mwini wake akamwalira pali njira yake imene otsala amatsata.

Malume atamwalira, munabwera chaka chotsatira ku mwambo wa chiliza. Anthu a mpingo atabalalika, munalowa m'chipinda cha malume ndi Shadreck ndi amayi a Daliso, alamu anu. Ine ndinali nditabwerera kusukulu kukayang'anira mayeso, choncho izi ndinazimva kwa inu ndi kwa Shadreck. Munachotsa chipewa cha malume pamsomali n'kumuveka. Munampatsa bokosi lawo lachitsulo. Munanena kuti kuyambira tsiku limenelo iye ndi Humphrey Chimpeni, mwini mbumba, ndipo zonse zimene alongo anu anasiya aziyang'anire ndi iye.

M'chipindamo munalinso munthu wina wosakhala wa pabanja. Ndi Marvin, bambo wa nsapato zosongoka uja amene tinachita hayala galimoto yake kunyamula chiliza. Shadreck akuti ndi amene anathandiza kukoka bokosi pansi pa bedi, ndipo atalikoka palibe anamuuza kuti atuluke. Mawa lake anakuperekezani kudepoti ya mabasi ku Lusaka, anakugulirani mabanzi, ndipo munandiuza kuti kuno kudakali ana aulemu. Munthu ameneyu amagwira ntchito iliyonse imene yadutsa pafupi: kunyamula katundu, kugulitsa mapuloti, kupezera anthu ogula. Tsiku limenelo anamva kuti pali kaphiri ka laimu, ndipo anaona dzina la mwini wake likuikidwa pamutu pa munthu wamoyo.

Patapita miyezi anabwera kwa Shadreck atapinda mawondo, akuwomba m'manja, akumutchula kuti ba Humphrey, monga amalemekezera akuluakulu kuno. Mukumudziwa mwana wanu. Moyo wake wonse wakhala akuitanidwa kuti iwe Shadi, bwera kuno, tenga wilibala. Marvin anamuuza kuti pali kampani ya ku Lusaka yokhala ndi makina, imene ikufuna chiphasocho, ndipo chatsala n'chakuti mwini wake asaine. Shadreck akuti anafunsa kuti asaine dzina liti. Marvin anaseka, n'kumufunsa ngati amayi ake anayenda ulendo wonse uja kuchokera ku Malawi kudzampatsa dzina loti azikongoletsera khoma.

Shadreck anatsegula bokosi lachitsulo, anatengamo chitupa cha malume, napita ku Lusaka. Anasaina mu ofesi ina pamaso pa bambo wodinda zidindo za malumbiro, amene Shadreck akuti maso ake anali pafoni nthawi yonseyo. Pobwerera, pamapepala a boma panali palembedwa kuti Humphrey Chimpeni wapereka chiphaso chake kwa kampani mwa kufuna kwake.

Shadreck sanachoke chimanjamanja. Anampatsa njinga yamoto ndi ukapitawo pamgodi pomwepo, komanso ndalama zimene zina mwa izo anagulira malata a nyumba yanu. Sindikulemba izi kuti muzichita manyazi mvula ikamagwa padenga. Loya wa boma akuzidziwa kale, ndipo ndi bwino muzimve kwa ine musanazimve kwa iye.

Zinaululika motere. Daliso, mwana wa malume, anapita ku ofesi ya za migodi kukafunsa m'mene iye ndi amayi ake angachitire ndi chiphaso cha bambo ake. Anamuuza kuti bambo akewo anachigulitsa, namuonetsa tsiku. Tsikulo linali loti malume agona kale m'manda chaka ndi miyezi. Daliso akuti anawapempha kuti ngati bambo ake akumabwera kudzasaina mapepala ku Lusaka, awauze kuti adzadutseko kunyumba chifukwa mpope ukudontha. Kenako anakatenga chikalata cha imfa.

Ndikudziwa kuti mtima wanu ukumuwawira Daliso. Pafoni munati wagulitsa msuweni wake kwa apolisi. Ine sindikuona choncho. Mwa lamulo la kuno, munthu akamwalira wosasiya wilo, oyamba kuganiziridwa pa katundu wake ndi mkazi ndi ana, osati mwana wa mlongo wake. Daliso anabadwira kuno, ndipo anapita kukafunsa za chinthu chimene lamulo likuti chikumukhudza. Sanadziwe chimene akapeze.

Tsopano pali milandu iwiri, ndipo musaisokoneze. Woyamba uli ku khoti lalikulu ku Lusaka. Boma lasumira kampani ija, likuti kusintha kwa chiphaso kunachitika mwachinyengo, kufafanizidwe, ndipo kampani iyankhe za miyala yonse imene yatuta. Mapepala ake ndawawerenga onse. Kaya ziyende bwanji, mgodi sudzabwerera kwa Shadreck. Mwina udzapita kwa Daliso ndi amayi ake, mwina boma lidzangotenga chiphaso chake. Pakadali pano pachipata pali loko, makina aima, ndipo alimi a ku Shimabala akuti kabichi wawo wayambanso kuoneka wobiriwira chifukwa fumbi latha. Za mgodi muziiwale, Amayi. Kulira kumeneko n'kotaya misozi.

Wachiwiri ndi umene wandichititsa kulemba. Uli ku khoti la kuno ku Kafue, ndipo woimbidwa mlandu ndi Shadreck: kudzionetsa ngati munthu amene anamwalira, ndi kusaina m'dzina lake. Mlandu umenewu uli ndi ndende. Anatuluka pa belo, womuikira chikole ndine, ndipo akukhala kwathu, akugona pabalaza. Njinga ili kupolisi. Akudya, koma pang'ono. Masana amakhala kuseri kwa nyumba akusema mipini imene palibe anamutuma.

Marvin naye anafunsidwa, ndipo mawu ake ndi awa. Akuti iye malume sanawadziwepo. Akuti ziliza amanyamula zambiri ndipo maina a akufa sawerenga, amaopa maloto. Akuti kunabwera kwa iye munthu wovala chipewa, wokhala ndi chitupa, wodzitchula kuti Humphrey Chimpeni, ndipo atafunsafunsa anapeza kuti pamgodi onse amamutchula choncho, ngakhale kutchalitchi. Ndiye iye akanadziwa bwanji? Akuti nayenso ananamizidwa, ndipo ali wokonzeka kuthandiza boma ngati mboni.

Choopsa pa mawu amenewa n'chakuti ambiri mwa iwo ndi oona. Malume ali moyo sanakumanepo naye. Anthu oswa miyala amamutchuladi Shadreck kuti ba Humphrey, chifukwa tinawauza tokha kuti azitero. Anthu a mpingo anamuona Marvin tsiku la chiliza, koma anaona dalaivala atakhala m'galimoto yake. Bodza lili pa chinthu chimodzi chokha, chakuti sanadziwe kuti mwini chiphaso anamwalira. Ndipo amene angalithyole ndi amene anali m'chipinda muja.

Ndinapita kwa amayi a Daliso. Anandilandira bwino, anandiphikira tiyi, anafunsa za mawondo anu. Nditafika pa nkhaniyi anati tsiku limenelo maso awo anali odzaza misozi, sanaone amene analowa kapena amene anatuluka. Sindinawakakamize. Pondiperekeza kukakwera minibasi anaima pampanda, n'kunena kuti pamene chipewa cha mwamuna wawo chinkachotsedwa pamsomali, m'chipinda chawo chomwe, palibe anawafunsa kanthu, ndiye asawafunsenso lero. Mukadzabwera mudzawaone, koma osati kukawapempha umboni.

Mawu a Shadreck yekha salemera, poti ndi iye woimbidwa mlandu. Ine sindinalipo, ndipo sindinganene zimene sindinaone. Mwatsala ndinu.

Loya wa Shadreck ndi mayi Mwila, Mbemba wosachedwa kuyankhula. Nditayamba kumufotokozera za kulowa dzina anandidula, akuti kwawonso zimachitika, agogo ake aamuna anali ndi dzina la munthu amene anafa nkhondo isanayambe. Koma akuti woweruza ayenera kumva kwa amene anapereka dzinalo: anapereka liti, ndi mawu otani, pamaso pa yani.

Ndinamufunsa kuti andiuze mosabisa chimene umboni wanu ungachite. Anati sungayeretse siginecha. Shadreck ankadziwa kuti malume anamwalira, ndipo ankadziwa kuti nkhope ya pachitupa si yake. Pamenepo analakwa, ndipo mwambo sufafaniza zimenezo. Chimene umboni wanu ungaonetse n'chakuti dzinalo sanalipeke yekha kuti abere, ndiponso kuti Marvin anaona zonse ndi maso ake asanakonze njira yopita ku Lusaka. Akuti zimenezi zikhoza kusiyanitsa zaka za m'ndende ndi chilango chopepuka. Sanalonjeze, ndipo ine sindikulonjezani. Koma popanda inu, khoti lidzamva nkhani imodzi yokha, ya Marvin.

Pempho langa ndi limenelo, Amayi. Mubwere mudzaime pamaso pa khoti.

Mlandu udzalowanso kumayambiriro kwa Disembala. Ndikudziwa kuti ndi nthawi yodzala, ndipo simunasiyepo munda wanu m'manja mwa munthu. Chaka chino muusiye. Mchemwali wanga Mwaiwathu ndi mwamuna wake akhoza kudzala, mizere ikakhota idzakhota. Ireen adzabweranso kumeneko kumapeto kwa Novembala kudzagula zitenje, ndipo wavomera kubwera nanu. Amadziwa za mapepala a pachipata cha m'malire cha Mwami ndi basi yabwino ya ku Chipata. Ine ndidzakudikirani ku Lusaka. Za ulendo ndakonza kale ndi Ireen.

Pali zina zimene ndiyenera kukuchenjezani. Ndamva kuti bambo aang'ono akukulangizani kuti mudzanene kuti malume anagwirizana ndi kampani asanamwalire, Shadreck anangomalizitsa. Musayerekeze. Kampaniyo inalembetsedwa malume atamwalira kale, ndipo tsiku lake lili pamapepala. Mukanena zimenezo loya wa boma adzakugwirani pa funso lachiwiri, ndipo zoona zonse zimene mudzanene pambuyo pake zidzatayidwa pamodzi ndi bodzalo. Bambo aang'ono ndi munthu wabwino, koma khoti limene akulidziwa ndi la milandu ya mbuzi zodya chimanga.

Musadzachepetsenso mawu anu. Ngati munati zonse, mudzanene kuti munati zonse. Adzakufunsani ngati munkadziwa kuti alongo anu anasiya mkazi ndi ana. Adzakufunsani za malata. Mwina anthu adzaseka, poti m'khoti mumadzaza anthu ongobwera kudzathawa dzuwa. Muyankhe zimene zinachitika, mwachidule, osakometsa. Chimene simukukumbukira mudzati simukukumbukira. Ndinamufunsa mayi Mwila kawiri ngati inu mungamangidwe, ndipo kawiri konse anati kupereka dzina si mlandu. Womasulira adzakhalapo, koma Chinyanja chake ndi cha m'tauni, choncho mudzayankhule pang'onopang'ono ndipo miyambi mudzaisiye pakhomo.

Anthu akutithandiza, aliyense m'njira yake. Abusa anabwera kudzapemphera. Cindy, mtsikana wa nyumba yoyandikana nafe amene amapemphera ku mpingo wa ng'oma ndi magitala, anabwera ndi kabotolo ka mafuta kuti adzoze mapepala a mlandu, akuti ba Elina musadere nkhawa, fayilo idzasowa yokha. Ndinamuthokoza, n'kumpatsa fotokope. Shadreck wayamba kupita naye ku mapemphero awo. Sindinamuletse, bola tsiku la khoti asadzaiwale.

Chinthu chomaliza, chimene pafoni sindinakuuzeni. Tsiku loyamba kukhoti, kalaliki anamuuza Shadreck kuti aimirire atchule dzina lake. Anaimirira, chipewa cha malume chili m'manja, ndipo sanayankhe. Anamufunsanso. Anatembenuka kuyang'ana kumene ndinakhala. Kumbuyo wina anati mwina wakufa uja ndi amene wabwera, anthu n'kuseka. Mayi Mwila ndi amene anaimirira n'kumutchulira kuti Shadreck Malunga, ndipo iye anangogwedeza mutu.

Mu minibasi pobwerera ndinamukalipira. Ndinamuuza kuti funso losavuta ngati limenelo salikhalira chete pamaso pa woweruza, ndipo ayankhe dzina la pachitupa chake, limene amayi anampatsa pobadwa. Iye anati maina onse awiri anampatsa ndinu, ndipo lachiwirilo munampatsa ali wamkulu, akumva, atagwada. Anati ngati lachotsedwa, sangamve kwa ine kapena kwa loya.

Kuyambira tsiku limenelo chipewa chili pamsomali kuseri kwa chitseko chathu. Sakuchivala. Nditamuuza kuti tikachipereke kwa Daliso, poti n'cha bambo ake, anakana, akuti chidikire mwini wake amene anachichotsa pamsomali woyamba. Ndayesa kumufotokozera ndi zonse zimene ndinawerenga, koma pamenepa mabuku anga sakugwira. Khoti lidzagamula za chiphaso ndi za ndende. Za chipewa sizili m'mapepala ake, ndipo zimenezo mudzazikambe nokha ndi mwana wanu mukatuluka m'khoti.

Mundiperekere moni kwa bambo aang'ono ndi amayi aang'ono, kwa Mwaiwathu ndi alamu anga pamodzi ndi ana, kwa azakhali a ku Kapiri ngati mungawaone, ndi kwa amayi anzanu a chigwirizano. Bambo a Olivia akupereka moni, akuti mubwere ndi mtedza wosathira mchere kuti adokotala asangalale. Olivia akuti agogo adzagona pabedi pake. Shadreck ndamuuza kuti ndikulemba. Anati ndikuuzeni kuti ali bwino.

Mankhwala a mawondo muyambe kumwa lero, ulendowu ndi wautali. Ndipo musadzaiwale magalasi anu. Adzakupemphani kuti muyang'ane m'khoti monse, muloze munthu amene anakoka bokosi pansi pa bedi.

Ndine mwana wanu,
Elina